Seko si fankishoni, ndipo Chileshe sanalakwe

Tadala mwana wanga,

Wapita kutauni kukalukitsa tsitsi kuti mawa ukafike ku Lusaka ukuwala, ndiye ine ndakhala pakhonde pano ndi cholembera. Chiyambire Lamulungu tikungozembana m'nyumba muno ngati akazi a pamitala. Ndikalowa kukhitchini iwe watulukira khomo la kuseri, ndikati ndiyambe kulankhula wakumbukira kuti sunasite zovala. Chabwino. Pakamwa panga wapathawa, koma pepala ili ulipeza pamwamba pa sutikesi yako, ndipo uliwerenge lonse lero lomwe.

Ndinkayesa kuti tsiku lotsanzikana nawe ndidzakulembera mavesi ndi madalitso okhaokha, monga amachitira azimayi anzanga a kumpingo. Zakanika. Ndakwiya nawe, Tadala, ndipo sindibisa. Nkhani ndi ya Chileshe, mtsikana wa ku komboni ya Makululu uja wakhala ukumuphunzitsa masamu pakhonde lino chaka chonse chimene unkadikira malo ku koleji ya uphunzitsi. Mwanayo wasiya masamu owonjezera, aja ankawakonda kuposa anzake onse, mayeso a Giredi 12 ali pafupi, ndipo wasiya chifukwa cha mawu amene anatuluka mkamwa mwako. Ukakwera galimoto mawa usanakonze zimenezi, palibenso wina amene angazikonze.

Ine sindinaone ndi maso anga. Ndinali kuseri ndi azimayi tikugawa ndiwo m'mbale, ndinangomva anthu akuseka, kenako kuli zii. Amene anandifotokozera ndi mayi ako aang'ono, amene anakhala pafupi ndi khomo. Ndikubwerezera nkhani yonse, ngakhale unalipo, kuti umve mmene imamvekera ikachokera pakamwa pa wina.

Mapemphero okutsanzika anali atatha, akulu a mpingo atanena ameni, anthu akudikira chakudya. Bolodi lako lija linali litatsamira khoma, losafufuta, ndipo panali phunziro lomaliza limene unapatsa ana: x² + y² = 25, pansi pake funso loti kodi iyi ndi fankishoni. Malume ako, achimwene anga, amene abwera kuchokera ku Lusaka kudzakutenga pa galimoto yawo, anaimirira manja ali m'thumba, n'kunena kuti tiyeni tione ngati mwana wa mlongo wanga amaphunzitsadi kapena amangodetsa manja ndi choko. Analoza funsolo kuti ana ako a masamu ayankhe. Anawo anali pamphasa, ndipo onse anaweramitsa mitu. Anaimirira ndi Chileshe yekha.

"Si fankishoni, ba ankolo."

"Chifukwa?"

"Iyo ni seko. Ngati x ni 3, y ingankhale 4, olo negetivu 4. X imozi yabweletsa ma ansa yabili."

Malume ako anatulutsa foni. Anachotsa 9 pa 25, kunatsala 16, anadina batani la sikweya ruti, foni inaonetsa 4. Anaizunguliza kuti aliyense aone, kuyambira akulu a mpingo mpaka azimayi a pamphasa.

"Ili kuti negetivu yako, iwe mwana? Makina sanama. Pali x, pali y, pali ikwozi, ndiye ni fankishoni. Ise tinaphunzila masamu amai ako akalibe kubadwa."

Anthu anaseka, kuphatikiza aja amene masamu anawasiya kalekale ku pulayimale. Chileshe anaika manja kumbuyo n'kuti:

"Koma ba ankolo, negetivu 4 taimusi negetivu 4 nayo ni 16."

Apa ndiye panagwa zii uja. Mayi wina anati, "A-a, mwana wa ndani uyu woyankha akulu kawiri?" Malume ako anatembenukira kwa iwe. Unali utagwada pamaso pawo ndi beseni ndi jagi ya madzi osamba m'manja.

"Aphunzitsi, tiweluzeni."

Ndipo iwe, mwana amene ndinabala ine, unati, "Amalume akamba zoona. Chileshe, pepesa."

Anagwada, anapepesa, ndipo anachoka osadya.

Tadala, ukanakhala kuti sunkadziwa yankho bwenzi ndikukulembera mokoma, chifukwa umbuli uli ndi mankhwala. Koma unkadziwa. Popeza wachita ngati waiwala, ndikuphunzitsanso ngati mwana wa Giredi 10. Zaka zonse zimene ndagwira choko sindinalolepo mwana kutuluka m'kalasi phunziro ili asanalimve, ndiye iwe sukhala woyamba.

Fankishoni ndi lamulo loti ukalipatsa x mmodzi limakubwezera y mmodzi, osati awiri. Basi, palibenso zina. Kukhala ndi x, y ndi chizindikiro cha ikwozi sikupanga fankishoni, kumangopanga ikweshoni. Tsono ikweshoni yako ija imajambula seko, mzere wozungulira umene paliponse watalikira pakati ndi muyeso wa 5. Ika 3 m'malo mwa x. 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, kuchotsa pa 25 kutsala 16. Ndiye funsa kuti ndi nambala iti imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imabala 16. Zilipo ziwiri, 4 ndi −4. Pa pepala la girafu amenewo ndi madontho awiri, lina pamwamba lina pansi, onse pa x mmodzi yemweyo. Imika rula chilili pa 3, uona ikudula seko pawiri. N'chifukwa chake seko si fankishoni. Kumapeto kokha, pa 5 ndi pa −5, ndi pamene rula imakhudza pamodzi, koma malo awiri amenewo sapulumutsa ena onse, pakuti x mmodzi yekha akabala mapasa mlandu watha.

Nanga foni ya malume ako inanama? Ayi, inayankha funso limene anaifunsa. Batani la sikweya ruti analipanga kuti lizipereka yankho limodzi, losakhala negetivu. Ukalemba y = √(25 − x²) wajambula theka lapamwamba lokha, ndipo thekalo ndi fankishoni ndithu. Theka lapansi, lokhala ndi mainasi kutsogolo, nalonso ndi fankishoni palokha. Koma funso la pa bolodi linali la seko yonse. Malume ako anadula seko pakati, anataya theka lina kuseri, n'kuuza anthu kuti mwana ndi wamwano. Zonsezi iwe ukuzidziwa bwino kuposa mmene ndalembera apa.

Alendo atachoka ndinakufunsa tikutsuka mapoto, ndipo unandiyankha kuti, "Mami, manje munafuna niwasebanye amalume, achite manyazi pa bantu? Ni kafunso kamozi chabe." Kafunso kamodzi! Kwa malume ako inde ndi kafunso, akafika ku Lusaka aiwala. Koma kwa Chileshe sikafunso. Uyu ndi mwana amene ankayenda wapansi kuchokera ku Makululu mpaka ku Chowa kuno atatha kuthandiza mayi ake pa tebulo la tomato, n'kufika mapazi ali mbuu. Uyu ndi mwana amene anakuuza wekha kuti akufuna kudzamanga milatho, iwe n'kubwera kudzandiuza ukuseka ndi chimwemwe. Analimba mtima kuimirira pakati pa anthu a masuti chifukwa ankadziwa kuti mphunzitsi wake ali pomwepo. Iwe unaona kuti pa anthu awiriwo mmodzi ayenera kuchita manyazi, ndiye unasankha amene alibe womulankhulira. Ndiyo ija amati yakomera mbuzi kugunda galu. Akanakhala mwana wa akulu a mpingo amene anayankha chomwecho, bwenzi anthu omwewo akuomba m'manja kuti mwana ndi wanzeru.

Mwina mumtima ukuti Chileshe nayenso anachita changu, akanatha kukhala chete pamene anaona foni. Usayambe n'komwe. Sanachite kudzituma yekha, anafunsidwa. Sanakweze mawu, sanaloze chala, anati ba ankolo poyamba ndi pomaliza. Ngati kuyankha funso la masamu ndi mwano, ndiye tiyeni titseke masukulu onse a mu Kabwe muno ana azingogwada.

Usayese kuti ndikukuuza kuti uzikalipira akulu. Zimenezo ndinaziyesa ine, ndipo ndinapsa nazo. Nditangoyamba ntchito, mutu ukadali wotentha ndi satifiketi yatsopano, mkulu wa aphunzitsi a masamu pasukulu pathu, bambo wa imvi zake, analemba mayankho a mayeso oyeserera oti tonse tichongere. Pa funso lina anasiya yankho la negetivu, ndipo analamula kuti mwana amene walemba awiri achotseredwe malikisi. Ine ndinaimirira m'chipinda cha aphunzitsi nthawi ya tiyi, anthu onse ali momwemo, n'kunena kuti, "Bambo, bukhu limene munaphunzirira linadyedwa ndi chiswe." Anthu anaseka, ine ndinamva kukoma. Bamboyo anauma gwa, mayankho sanasinthe, ndipo ana amene anakhoza ndi amene analuza malikisi. Nditafotokozera agogo ako aakazi anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Unkafuna kukonza pepala, kapena unkafuna akuombere m'manja?" Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kugogoda pa ofesi, kukhala pansi, n'kupempha wamkulu kuti andithandize kuona pamene ine ndasokonezeka, mpaka cholakwacho achione yekha.

Ndiye njira inalipo, Tadala, ndipo unali utagwada kale, ntchito yaikulu inali itatha. Ukanangoti, "Amalume, foni yanena zoona pa theka lapamwamba. Tatiyeseraniko negetivu 4 kuchulukitsa ndi negetivu 4 pa foni yomweyo." Akanadina okha, akanaona 16, ndipo ndimawadziwa achimwene anga, akanaseka kwambiri n'kunena kuti amangoyesa ana. Mwinanso akanamugwira chanza Chileshe. Anthu akanasamba m'manja n'kudya. Ulemu ndi kugwada, kutsitsa mawu ndi kusankha nthawi. Kuuza mwana amene wakhoza kuti apepese si ulemu, ndi mantha, ndipo ine sindinalere mwana wamantha.

Ndikudziwa kumene manthawo amachokera m'banja mwathu. Agogo ako aamuna anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito mumgodi, ndipo mpaka imfa yawo ankadziona ngati mlendo. Tikadali ku komboni ya mgodi ku Kasanda ankatiuza kuti kuno n'kwa eni, mwana wa mlendo satsutsa, amangovomera n'kudutsa. Sindiwaweruza, anali ndi chifukwa chawo, ndipo anatilera ndi kuvomera komweko. Malume ako anathawa manthawo pophunzira kulankhula mokweza m'Chingerezi, ine ndinawathawa ndi pakamwa panga paja. Koma ine ndinabadwira muno, iwe unabadwira muno, manda a agogo ako ali muno. Palibe amene angakuthamangitse mu Kabwe chifukwa chonena kuti 16 ali ndi mizu iwiri, 4 ndi −4.

Cholakwa china ndinachichita zaka zingapo osadziwa. Ndinkauza ana kuti aloweze pamtima: rula ikadula pawiri si fankishoni. Ankaimba bwino ngati nyimbo ya Sande sukulu. Tsiku lina ndinawajambulira girafu ya y = x², ija yooneka ngati mbale yakuya, ndipo ambiri anagoneka rula chopingasa, inadula pawiri, n'kulemba kuti si fankishoni. Ndinakalipa, koma wolakwa ndinali ine, chifukwa sindinawauze chifukwa chimene rula imaimira chilili. Ankadziwa nyimbo, sankadziwa kuyesa. Iwe cholakwa chimenechi sunachichite. Lachisanu lapitalo ndinkakumva pazenera ndikusoka, ukuwauza anawo kuti asakhulupirire bolodi, asakhulupirire ngakhale iwe, atenge nambala aike okha aone. Ndinaika singano pansi, ndinanyadira, ndinati mwana wanga andiposa. Chileshe anachita ndendende zimene unamuuza. Lamulungu lake unamuphunzitsa phunziro lina, loti nambala zimagwira ntchito pokhapokha ngati palibe munthu wa suti pafupi.

Usaganize kuti ndangokhala n'kumakwiya. Lolemba ndinapita kwa malume ako, kunyumba ya mnzawo kumene akugona. Ndinakhala pansi, ndinawapatsa moni bwinobwino, kenako ndinalemba −4 × −4 m'mphepete mwa nyuzipepala imene ankawerenga. Anayang'ana nthawi yaitali, anapinda nyuzipepalayo, n'kuti, "Mlongo wanga, ukali na kamwa kaja? Ni nkhani za bana izo. Mwana anaphunzila ulemu, ndiye phunzilo ikulu." Kenako anafunsa ngati tiyi watsala mu fulasiki. Anaona, Tadala, koma ku Makululu sadzapita, ndipo ine sindingawakoke ndi chingwe. Khoswe wakhala pa mkhate. Ndi eni mbumba, ndipo chimwalirire bambo ako aima nafe pa zambiri. Zimenezo usadzaiwale, ndipo ukawalemekeze m'nyumba mwawo. Koma umwini mbumba sufufuta theka la seko.

Dzulo ndinakwera minibasi kupita ku Makululu. Ndinasochera m'tinjira tija, ndinachita kufunsa, mpaka ndinamupeza Chileshe pa tebulo la mayi ake akuunjika tomato. Nthawi imeneyo anzake a masamu owonjezera anali m'kalasi. Ndinamuuza kuti anakhoza, ndinatola kamtengo n'kujambula seko pansi. Sanayang'ane n'komwe.

"Ba Madamu, mufuna chabe kunikondwelesa. Ba ticha Tadala ndiye banakamba kuti nalakwa."

"Iwe unayesa weka nambala. Inakupasa chani?"

"Nenze naganiza kuti namvela, kansi sinimvela. Nizalemba chabe masamu ya bonse. Iyi inangu ni ya bana ba ku mayadi."

Ana a kumayadi, kwa anthu olemera! Mwana amene anaona zimene chipinda chonse cha akuluakulu sichinaone, lero akuti masamuwo si a anthu ngati iye. Ndinabwerera mtima ukuwawa. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, koma kwa iye ndine mayi wachifundo amene wabwera kudzamupukuta misozi. Mawu amene anamugwetsa ndi ako, ndiye omudzutsa ayenera kukhala ako. Atsikana otere ndawaona ambiri akuzimiririka, wina chifukwa cha mimba, wina chifukwa cha ntchito za pakhomo, wina chifukwa chotopa ndi mtunda. Sindinayembekeze kuti wina adzazimiririka pakhonde langa, mwana wanga atagwira beseni.

Ndipo usandiuze kuti ukamuimbira foni ukafika ku Lusaka. Foni ya pakhomo pawo ndi ya mayi ake, ndipo ngakhale akanakhala ndi yake, zinthu zina sizikonzedwa munthu usakuoneka nkhope. Ukadzabwera pa holide mayeso adzakhala atapita.

Kumene ukupitako udzamva "tiweruzeni" kambirimbiri. Mphunzitsi wa pa koleji adzalakwitsa pa bolodi, mnzako wina adzakweza dzanja, ndipo onse adzayang'ana kwa iwe chifukwa ndiwe wokhoza. Ukadzapita kukayesera uphunzitsi udzapeza timabuku ta mayankho tija timagulitsidwa m'misika, tina tolakwika, ndipo adzakuuza kuti ugwiritse ntchito tomweto chifukwa ana anazolowera. Kudzabwera mnyamata wolankhula bwino, wa nsapato zowala, amene adzanena zopotoka pagulu n'kukuyang'ana kuti uvomere. Ukazolowera kuvomera pa za seko udzavomeranso pa zazikulu, ndipo sudzadziwa tsiku limene unayamba. Amati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo nthawi zambiri n'zoona, ine ndemwe ndakula ndikufuna uzimva anga. Koma y² = 16 ngakhale agonere chaka, adzadzukabe ndi mayankho awiri.

Zina zonse ndakuuza kale mpaka watopa nazo. Juzi yako yabuluu ndaiika pansi pa sutikesi, ku Lusaka kumazizira m'mawa. Chiponde chili m'botolo, ndakulunga m'pulasitiki, usaligoneke. Upeze mpingo sabata yoyamba, usadikire kuti uzolowere kaye. Uzidya, pakuti ukakhala ndi mayeso umaiwala. Uziimba foni ngakhale ulibe chonena. Ndipo ukadzalakwitsa pa bolodi, pakuti udzalakwitsa ndithu, mwana akakuuza uzimuthokoza mokweza kalasi yonse imve. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale mnansi wa yunifomu.

Ndikanalekera pomwepa, koma imva zimene zachitika masana ano utangotuluka pageti. Kwabwera bana Chileshe, mayi ake a mtsikanayo, wapansi dzuwa lonse lija, atafungatira nkhuku m'chitenje. Thadzi lakuda, lonenepa, looneka kuti ndi loikira. Sanalole kulowa. Anagwada pafumbi pageti pomwepo, mzimayi wa msinkhu wanga, n'kuyamba kuomba m'manja.

"Ba Madamu, nabwela kupapata. Uja mwana ananisebanya pa bakulu ba chechi. Namumenya, sazabwezapo futi. Iyi nkuku mupase ba ankolo, olo muphikile ba ticha badye mu njila."

Ndinawagwira manja kuti adzuke, ndinawauza kuti mwana wawo sanalakwe, wolakwa ndi wanga. Anaganiza kuti ndikukana kukhululuka. Ukudziwa mwambo wake, nkhuku ya chipepeso ukaibweza pamanja ndiye kuti mlandu ukadalipo. Anayamba kulira, anaiika pansi, anaombanso m'manja n'kumapita. Tadala, mzimayi uja wamenya mwana wake chifukwa chokhoza masamu, ndipo wabweretsa nkhuku yake yoikira kudzapepesa kwa ife. Ndinaima pageti manyazi atandigwira, ndipo manyazi otere sindinawamvepo chibadwire.

Mayi ako aang'ono anali atatereka kale madzi pa mbaula kuti aisosole ikhale kamba wako wa paulendo. Ndawaletsa. Nkhuku imeneyo sidyedwa m'nyumba muno. Ndaimanga mwendo ku mtengo wa gwafa kuseri, ndaipatsa madzi ndi gaga. Ukatha kuwerenga ukaione.

Mawa ulawirire, uitenge, upite nayo ku Makululu. Ine ndikaibweza n'chipongwe, koma iwe ukaibweza utagwada, mlandu ubwerera kwa mwini wake. Ukagwade pamaso pa bana Chileshe panja, pamene anansi akuona, pakuti mwanayo anachititsidwa manyazi pagulu. Ukanene momveka kuti, "Chileshe anakhoza, ine ndinaopa." Usakawonjezere zoti malume anatere kapena kuti anthu sanamvetse. Kenako umupatse Chileshe kamtengo, ajambule pansi yekha, aike 3 mu ikweshoni, mayi ake akuona, ndipo usakachoke asanakuuze kuti abwerera m'kalasi. Iwe ukapita ine ndidzamutenga pakhonde lino mpaka mayeso, koma sangabwere kwa ine asanamve kwa iwe.

Malume ako adzafika pageti n'kuyamba kuliza hutala, monga mwa khalidwe lawo. Asakudetse nkhawa. Ndidzawalowetsa, ndidzawapatsa tiyi ndi mbatata, ndipo akafunsa kumene uli ndidzawauza zoona, mwaulemu wonse. Msewu wa ku Lusaka suthawa.

Ukakana sindikutemberera. Ndiwe mwana wanga, ndidzakupempherera, ndidzanyamula sutikesi yako mpaka m'galimoto. Koma ukadzakhala pampando ndidzaika nkhukuyo pamiyendo pako, chifukwa ndi yako, unaigwirira ntchito. Upite nayo mpaka ku koleji, ndipo anzako a m'chipinda akadzakufunsa kuti waitenga kuti, udzawafotokozere wekha.

Ndine amene ndinakubala, wokwiya lero koma wako masiku onse,

Amayi ako